Khutu la a Russell

"Ayi, a Russell, sindinati mummeze mwana wa eni. Ndati mumuyang'ane basi," anatero mayi Lorraine Gauthier pa chimkuzamawu. Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu oti nthabwalayo anaimva kale.

Linali Lamlungu masana, mu holo ya alimi ya m'tauni yawo ku New Hampshire, ku America. Mkati mwa sabata mayi Lorraine amayendetsa basi ya ana a sukulu. Lamlungu amatsogolera gule wa kontra, uja wa mizere iwiri, woti umavina ndi aliyense mpaka kukafika kumapeto kwa holo. Ntchito yawo n'kutchuliratu chochita: zungulirani, gwiranani, bwererani. Mawu anayamba kusasa, mawondo nawo sakufunanso masitepe a pansanja.

Chowasautsa kuphunzitsa n'chimodzi: paja awiri amazungulirana phewa ndi phewa osakhudzana, maso ali m'maso. Kale ankangoti, "Kopanani pang'ono, nyimbo ikatha muiwalane," anthu n'kumva. Masiku ano wachinyamata amabwera kamodzi, wina akamuyang'anitsitsa, basi wapitiratu. A komiti ananena kale kuti chisanu chikatha popanda nkhope zatsopano, gule atsekedwa.

Tsikulo nkhope yatsopano inalipo imodzi, Dana, namwino wa pachipatala. Atangovina kamodzi ndi a Russell analunjika kumene amakoleka majekete.

A Russell si munthu woipa. Akazi awo anamwalira, amaweta njuchi, ndipo ndi iwowo amalawirira kudzakoleza mbaula kuti holo ifunde. Kungoti maso awo akagwira munthu sataya.

"Achemwali, tadikirani kaye," anatero mayi Lorraine, akutsika pansanja atagwira bondo. "A Russell, tabwerani tiwaonetse anthuwa."

Anayamba kuzungulirana, mayiwo maso ali cham'mbali.

"Mwaona? Maso a mnzanu akakulemerani, yang'anani khutu. Palibe angakufunseni. La a Russell ndiye simungaliphonye, n'lalikulu, lili ndi tsitsi lomwe."

Holo yonse inafa nazo. Dana nayenso anaseka jekete lili pamkono, kenako analibweza pa msomali.

"Zaka zonsezi, mayi, ine ndimati mumayang'ana ineyo," anatero a Russell chapansipansi, akumwetulira ndi milomo yokha.

Oimba anayambanso. Mayi Lorraine anakwera pansanja n'kupitiriza kutchula, koma diso limangobwerera kumbaula, kumene a Russell anakakhala n'kumasonkhezera moto woti ukuyaka kale. Sanavinenso. Dana ndiye anavina mpaka thukuta kamukamu, makutu a tauni yonse n'kuwadziwa.

Potuluka Dana anawapeza mayi Lorraine akukulunga mawaya a chimkuzamawu.

"Lamlungu likubwerali ndili pantchito. Linalo mwina ndibwera ndi mnzanga."

"Mwina n'ngwabwino, mwanawe. Ena sanena n'komwe."

Patebulo la pakhomo a Russell anali kulongedza mabotolo a uchi amene amagulitsa anthu akamapuma. Kunyumba kwa mayi Lorraine alipo ena osatsegula.

"Ndipatseniko kakang'onoko," anatero mayiwo. "Sabata yamawa mbaula mudzakoleza?"

"Nkhuni zilipo zambiri kuseriko. Aliyense akhoza."

Anawapatsa kabotoloko mwaulemu, maso ali pa khutu la mayiwo.

Mayi Lorraine anaika kabotoloko m'thumba la jekete n'kutuluka. Njira yonse yopita kunyumba kamangowagunda pantchafu.