Chithunzi cha Woyendetsa Ndege wa ku Finland

Anandipeza kuntchito Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Epulo, mvula ikugwa. Inali nthawi imene ku Kenya anthu ankafuna zipani zambiri, ndipo aliyense ankalankhula akucheukacheuka. Ine ndinali makaniko wa ndege zing'onozing'ono za bungwe lina la mpingo, zonyamula mankhwala.

Apolisi atatu osavala yunifolomu anaima pakhomo. "Ndiwe Mmalawi uja? Twende," anatero wamtali m'Chiswahili, kutanthauza kuti tiye. Mnzake anachotsa chithunzi chimene chinali pakhoma, pamwamba pa masipanala anga.

Chithunzicho anandipatsa ndi mayi wina wa ku Finland amene ankayendetsa ndege zathu. Chinali cha agogo awo aamuna adakali mnyamata, atavala chipewa chachikopa, ataima pambali pa ndege ya mapiko ansalu yojambulidwa nyenyezi.

Ananditengera kunyumba ina yaitali pakati pa tauni, koma ife tinatsikira pansi. Anandivula zovala zonse. M'chipinda chimene ananditsekera munali madzi ofika m'akakolo, ndipo mogona munalibe.

Tsiku lotsatira anandikweza pamwamba nditamangidwa m'maso. Atandimasula, ndinaona chithunzi chija patebulo, pamaso pa bambo wina wovala suti.

"Uyu ndani?"

Ndinafotokoza zimene mayi aja anandiuza. Munthuyo ankagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo. Antchito ataukira boma la kwawo, iye ananyamula mfuti n'kumenya nawo nkhondo. Atagonja anathawira ku Russia, kumene anaphunzira kuyendetsa ndege za nkhondo. Patapita zaka, a ku Russia omwewo anamumanga, ndipo sanabwererenso.

"Anamwalira kalekale, bwana."

"Ngati anamwalira, akutani pakhoma pako?"

Zoona zake, ndinkangokonda ndege yakeyo, momwe anailukira ndi mawaya.

Ankafuna kuti ndisaine zoti mayi aja amanyamula mfuti za oukira boma. Nditakana, anaitana amuna awiri amene anandimenya ndi miyendo ya mipando. Kuchokera tsiku limenelo khutu langa lamanzere silimva.

Mawu amene anandiopsa kwambiri bambo wa suti uja anawanena mofatsa. "Tikhoza kukusiya m'manja mwa akwanu. Kumeneko safunsa mafunso ambiri ngati ife." Ankanena zoona. Ndinali nditachoka kwathu mchimwene wanga atasowa.

M'madzi muja ndinkaganiza za munthu wa pachithunzi uja. Mayi aja anati munthuyo nayenso anauzidwa kuti atchule anzake, ndipo a pabanja pake sanadziwe ngati anawatchula. Kale ndikanamuweruza. Tsopano ndinkadziwa kuti cholembera chimakhala pafupi bwanji ndi dzanja. Sindinasaine, koma akanandikwezanso pamwamba kamodzi, sindikudziwa chimene ndikanachita.

Mu Meyi, masana ena, anandiponyera zovala zanga. "Sunabwerepo kuno," anatero mlonda. Ndinamva pambuyo pake kuti abusa athu ndi mkazi wanga ankayenda ofesi ndi ofesi kundifunafuna tsiku lililonse, ndipo mayi aja anali atathamangitsidwa m'dzikomo.

Anandisiya pamsewu. Anthu ankandigunda mapewa, makondakitala a maminibasi otchedwa matatu akukuwa kuti Westlands, Westlands. Ndinaima pomwepo manja kumbuyo. Matatu anadzaza n'kunyamuka, ena anadzazanso, ine ndikudikirabe kuti wina andiuze kuti ndikwere. Ufulu anali atandibwezera, koma miyendo yanga inali isanamve. Kenaka ndinaponda sitepe ndekha, popanda wondilamula.