Seva Ikulirira Malemu

Lolemba lapitali alamu anga anandiimbira foni ndili pa kabaza. Iwowa ali ndi situdiyo ku Senga Bay, amajambula mavidiyo a maukwati. Kompyuta yomwe amakonzerapo mavidiyo inali itafa, ndipo munali ukwati wa Tamanda, mtsikana wa ku Khombedza, yemwe akubwera Loweruka kudzatenga vidiyo yake. Makadi a kamera anali atawafufuta kale n'kujambuliramo ukwati wina.

Ndinawauza kuti mtima m'malo, si muli ndi seva? Bokosi lakuda lija limakhala pansi pa tebulo, ntchito yake kukopera chilichonse pachokha kuti chikatayika kuno chipezeke uko. Bakapu, amatero eni ake.

Nditafika ndinapeza kagetsi kobiriwira kakuphethira bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu. Nditatsegula pulogalamu yokoperayo, ndinapeza kuti inasiya ntchito nyengo ya dzinja. Inkadzikonza yokha, zija amati apudeti, magetsi n'kuzima ili pakati. Kuyambira pamenepo imati ikayesa kumaliza, yalephera, ikayesanso, yalephera, ndipo kukopera konse kunaima. Ukwati wa Tamanda sunalowemo n'komwe.

Chimene chandisowetsa tulo sabata yonseyi si kulepherako ayi. Makina amalephera. Koma seva ija sinakhale chete. Tsiku ndi tsiku imatumiza imelo yodandaula kuti zinthu sizili bwino. Imatumiza kwa ndani? Kwa a Saidi, omwe anaikhazikitsa. A Saidi tinawaika m'manda chaka chatha.

Ndinafunsa alamu chifukwa chimene sanasinthire imeloyo n'kuikapo yawo. Anayang'ana pakhomo kaye, kenaka n'kutsitsa mawu.

“Alamu, dzina la malemu ndilifufute ine? Akazi awo amadutsa pano ndi dengu la usipa, timapatsana moni. Ndinkaona ngati ndikumuthamangitsa pantchito munthu atagona kale.”

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinaleka. Ulemu umenewu ndikuudziwa, ndinakulira momwemo. Tonsefe timaopa kukhudza za malemu. Nambala yawo imakhalabe m'foni, jekete lawo limakhalabe pamsomali, ndipo zimenezo sizipweteka munthu. Koma jekete silikhala ndi ntchito yoti ligwire mawa.

Tayang'anani m'maofesi mwathu, m'masukulu, ngakhale kutchalitchi ndi kumzikiti. Pasiwedi ili ndi munthu yemwe anasamukira ku Joni. Mauthenga a makina akupita kwa mlembi yemwe anapuma ntchito kalekale. Aliyense akudziwa, koma palibe wofuna kuoneka ngati akulanda mpando wa mnzake. Timangoti tidzaona, kagetsi kobiriwira kakutinyenga. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, nanga khutulo likakhala kumanda, watsina ndani?

Ndipo a Saidi ndinkawadziwa ine. Anali munthu woti akaona waya wolendewera amaima panjira. Akanamva kuti seva yawo yakhala ikuwaitana miyezi yonseyi ife tikuwachitira ulemu, akanatitukwana tonse.

Kukonzako sikunavute, n'chimene chikundipsetsa mtima kwambiri. Ndinachotsa zidutswa za apudeti yothyokayo, n'kutsitsa yatsopano, intaneti ikukwawa ngati nkhono, ine ndikungozungulira m'situdiyomo. Pulogalamu inadzuka. Ndinalumikiza seva ku batire kuti magetsi akazimanso isadukize ntchito. Kenaka ndinakankhira kiyibodi kwa alamu kuti dzina alisinthe okha. Anati Mulungu awasunge a Saidi, n'kulemba imelo yawo ndi chala chimodzi. Tinayesanso kubweza kavidiyo kamodzi kuchokera mu seva kuti tione ndi maso athu, ndipo kanabwera.

Tsopano zonse zikukopedwa. Zonse za kuyambira Lolemba.

Disiki ya kompyuta yakufayo taitumiza ku Lilongwe, koma amisiri ake sanalonjeze kanthu. Alamu akungoimbira anthu omwe anali ku ukwatiwo, kupempha tizidutswa ta m'mafoni, tina topendekeka, tina tongoonetsa msana wa munthu. Loweruka Tamanda akwera minibasi ndi amayi ake, omwe tsiku la ukwati anali m'chipatala ndipo akudikira kuona mwana wawo atavala zoyera. Ukwati sauvina kawiri.

Inu owerenga, makina a kuntchito kwanu akalira lero, akulirira ndani? Munthuyo alipo?