Mitengo imene tinaikwirira ndi machubu ake

Ndikukumbukira kutentha kwa mchenga m'maondo mwanga tsiku limene anandigwaditsa pamaso pa anthu a midzi iwiri. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mu Sitandade 5, ndipo mlandu wanga unali umodzi wokha: ndinanena kuti mitengo ifa.

Kwathu n'chakumunsi kwa Golomoti, kumene mtsinje wochokera kumapiri umasiya miyala n'kuyamba kuyenda pamchenga. M'chilimwe mwana amauwoloka osanyowetsa siketi. Koma mvula ikagwa kumtunda, ngakhale kwathu kukhale dzuwa, madzi amabwera ofiira, atasenza zitsa, n'kumadya gombe pang'onopang'ono. Dimba la amayi linali pomwepo. Bambo anali atamwalira, ndiye tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi cha m'dimbalo n'zimene zinkatipatsa sopo, mchere ndi makope.

Chaka china mtsinjewo unadula njira yatsopano, ndipo theka la dimba lathu linapezeka lili tsidya. Anthu a tsidyalo anati malire a midzi yathu ndi mtsinje kuyambira makolo, kotero chimene mtsinje wawapatsa n'chawo. Amalume anga, a Dikisoni, anawoloka kukathyola chimanga chimene tinadzala ndi manja athu. Anabwerako atawakweza panjinga, mkono utatemedwa ndi chikwanje, ndipo anakagona kuchipatala ku Mua milungu iwiri. Kuyambira pamenepo ana tinaletsedwa kucheza ndi ana a tsidya, chonsecho sukulu inali imodzi. Patuma, amene ndinkakhala naye pabenchi limodzi, anali mwana wa a Sumani, munthu amene anatema amalumewo. Pafupifupi chaka chathunthu tinkakhala mapewa atagundana koma osayankhulana.

Kenaka kunabwera anthu a bungwe lina ndi nkhani ya achinyamata, chitukuko ndi mtendere. Anati ana a midzi yonse iwiri afese mitengo kusukulu, adzaidzale mbali zonse za mtsinje, kuti mizu igwire gombe, mtsinje uleke kusunthasuntha, anthu aleke kutemana. Kunena zoona ganizo lake linali labwino, ndipo mpaka lero sindilinyoza. Ineyo ndinaligwira ndi manja awiri chifukwa ndinkaona dimba la amayi likutha.

Ntchito ya nazale inali m'manja mwa aphunzitsi athu a Nambewe, amayi aafupi a mawu otsika. Tinkasefa dothi, kulisakaniza ndi manyowa, kulilonga m'machubu akuda apulasitiki n'kufesamo mthethe, mbawa ndi katope. Miyezi isanu tinkatunga madzi pamjigo m'mawa ndi masana, dzuwa la Okutobala likutiwotcha m'mutu, ndipo tinatchinga mpanda waminga kuopa mbuzi. Machubuwo anali otseka kunsi, a timabowo tiwiri tokha. A Nambewe ankabwereza chinthu chimodzi mpaka tinatopa nacho: patsiku lodzala, chubu uchigoneke pansi, uching'ambe ndi lezala kuchokera kumwamba mpaka kunsi, uchivule mosamala ngati ukuvula khanda lokasamba, dothi lisamwazike. Ankati mbande yokwiriridwa ndi chubu chake imakhala ngati munthu womangidwa miyendo, imaoneka yamoyo koma siipita kulikonse.

Tsiku lodzala linagwa m'chaka cha chisankho. Mlendo wolemekezeka anali bwana wina amene ankafuna mavoti a dera lathu. Ife tinafika kumtsinje m'mamawa, titasenza mbande m'mabeseni, maenje titakumba kale dzulo lake. Mvula inali itadula masiku angapo ndipo kunkatentha koopsa. A Nambewe, munthu yekhayo amene ankaidziwa ntchitoyo, anawatuma kukathandiza kuphikira alendo chifukwa anali mzimayi. Ife anatisiya m'manja mwa a Tcheya a komiti ya chitukuko ndi anyamata ovala malaya a chipani.

Bwanayo anafika dzuwa litapendeka. Anayankhula nthawi yaitali. Anati achinyamata ndife atsogoleri a mawa, ndife mizati ya chitukuko, mtendere wa dziko lonse lapansi ukuyambira m'manja mwathu. Tinawomba m'manja monga anatiphunzitsira. Atamaliza anadzala mtengo umodzi, wina atamugwirira ambulera, kenaka kunamveka kuti akuchedwa kumsonkhano wina ku Mtakataka, ndipo wojambula zithunzi akufuna maenje onse aoneke odzaza galimoto zisananyamuke. A Tcheya anathamanga m'mizere akukuwa kuti tiponye mbande m'maenje, tikwirire, basi.

Anzanga anayamba kuponya. Ine ndinaima ndi mbande yanga m'manja. Ndinali mwana wamanyazi, koma miyezi isanu ija sinandilole kuiponya.

"Koma a Tcheya, sitinachotse machubu. Mitengoyi ifa."

Mwatsoka ng'oma zinali zitangoleka kumene, ndiye mawu anga anamveka mpaka pamipando. Bwana uja anatembenuka, n'kuseka, n'kufunsa ngati dera lino lili ndi katswiri wakewake wa zamitengo. Anthu onse anaseka naye, a kwathu ndi a tsidya omwe. Ndinganene kuti aka kanali koyamba midzi iwiriyo kuchitira chinthu limodzi chaka chimenecho. A Tcheya anandigwira khutu, kundikokera pamchenga, n'kundiuza kuti ndigwade manja ali m'mwamba, ndiphunzire kuyankhula pamaso pa akuluakulu. Ndinagwada mpaka fumbi la galimoto yomaliza litatha. Anzanga analandira mabanzi. Mawa lake ahedi anati ndachititsa manyazi sukulu, ndipo anandipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala lofika m'chiuno mwanga.

A Nambewe atamva za machubu anapita kwa ahedi ndi kwa a Tcheya. Anawayankha kuti mwambo unatha bwino, alendo anasangalala, asautse mapiri pachigwa. Palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anayenda mtunda waufupiwo kukafukula mbande imodzi yokha kuti aone ngati mwanayo akunama. Chimenechi n'chimene chimandiwawa mpaka lero, kuposa mchenga uja.

Tsiku lachiwiri la chibalo ndikukumba, ndinaona mthunzi pamwamba pa dzenje. Anali Patuma. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatsegula dzanja lake. Munali lezala lokulunga m'kapepala.

"Ndatenga la ababa," anatero. "Tiyambe mbali ya kwanu kapena ya kwathu?"

Awa anali mawu ake oyamba kwa ine chitemedwereni amalume. Sitinapepesane, sitinakambe za chikwanje. Tinangogwirizana kuti lero kwathu, mawa kwawo.

Tikaweruka kusukulu tinkanamizira kukatola nkhuni. Tinkafukula mbande ndi kamtengo ndi zala, wina n'kuigoneka, wina n'kung'amba chubu, n'kuibwezera m'dzenje, n'kutsindira. Madzi tinkatunga mumtsinje ndi chigubu chodula pakamwa. Ntchito imene ana a sukulu yonse akanaimaliza pa ola limodzi, ife awiri inkatidyera masana onse pa mbande zowerengeka. Machubu ong'ambawo tinkawabisa m'bango kuti a Tcheya asadziwe kuti tikukhudza mitengo ya bwana.

Tsiku lachinayi lezala linaterereka n'kundicheka chala chachikulu. Ndikuyamwa magazi, ndinamva kutsokomola kumbuyo. Anali amayi, khasu lili paphewa, akuchokera m'dimba. Mtima wanga unagwa, chifukwa amalumewo ndi mlongo wawo weniweni, ndipo ndi amayi amene ankawasambitsa bala lija. Anayang'ana dzenje, anayang'ana chubu chong'ambika, kenaka anayang'ana mnzangayo nthawi yaitali.

"Iwe si mwana wa a Sumani?"

Patuma anavomera ndi mutu, maso ali pansi. Ndinkadikira khofi, kapena mawu oposa khofi. Amayi anang'amba kansalu kumapeto kwa chitenje chawo n'kundimanga chala mwamphamvu mpaka ndinalira. Kenaka anasolola mpeni wawo wodulira masamba n'kumupatsa Patuma chogwirira chili kutsogolo.

"Lezala n'lometera ndevu. Gwira uwu. Inuyo muzing'amba, ine ndizifukula."

Tinagwira atatu masiku ena asanu, mpaka mvula inabweranso, mtsinje n'kudzaza, kuwoloka n'kukanika. Tinali titavula machubu kuyambira pamkuyu waukulu mpaka pokhota mtsinje, mbali zonse ziwiri. Kumunsi konse kunatsala momwemo. Amayi sanawauze amalume, ndipo ine sindinawafunse chifukwa chake.

Chopweteka n'chakuti mitengo ya m'machubu siifa msanga. Dzinja lonse inali yobiriwira ngati inzake, ndipo anthu akandiona kumjigo ankandifunsa moseka kuti a katswiri, maliro a mitengo aja ndi liti. Ndinapirira. Pofika Seputembala inayamba kufota umodziumodzi. Ukaukoka unkazuka wonse ndi chubu chake, mizu itazungulirazungulira mkati ngati nkhata. Ndiye mukudziwa zimene komiti inanena pamsonkhano? Inati ana a masiku ano ndi aulesi, sanathirire mitengo, n'chifukwa chake chitukuko chimavuta kumudzi. Anatero pamaso pathu, ife amene mapewa anali atasupuka ndi ndowa. Palibe anatchula chubu.

Mitengo yathu ija sinachite zodabwitsa msanga ayi. Zaka zitatu zoyamba mtsinje unadyabe gombe, ndipo ina inapita ndi madzi. Koma yotsalayo itakula, kuyambira pamkuyu mpaka pokhota mtsinje sunasunthenso. Theka la dimba limene linatsala kwathu ndi limene ndikulima ine lero, ndipo ndi limene likudyetsa ana anga awiri. Theka la tsidya silinabwerere, amalima abale ake a Patuma, ndipo tikakumana pamadzi timapatsana moni. Kumunsi kuja, kumene mitengo inafera m'machubu, mtsinje wasuntha kawiri, ndipo kawiri konse anthu atulutsirana zikwanje. Chikwangwani chimene anazika tsiku lodzala lija chikadalipo, chadzimbiri, chili ndi dzina la bwana ndi la a Tcheya.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndiye za mtendere wa dziko lonse lapansi sindingazilongosole ngati ophunzira. Ndikudziwa za mtsinje umodzi. Koma ndikamva pawailesi akuluakulu akuti achinyamata atengepo mbali, ndimafuna kuwafunsa kuti mbali yake iti. Yosenza ndowa ndi kuwomba m'manja tinaitenga kalekale. Imene amatimana ndi yonena kuti apa mwalakwitsa, wamkulu n'kudzuka pampando kukaona. Amatitcha atsogoleri a mawa kuti lero tikhale chete.

Ndisadziyeretse, chifukwa matendawa ndili nawo inenso. Mwezi wathawu tinali m'dimba ndi apongozi anga aakazi ndi amayi ena awiri a kutchalitchi, ndikuthira feteleza m'chimanga. Mwana wanga Tadala, wa zaka zisanu ndi zitatu, ananena mokweza kuti amayi mukuthira pafupi kwambiri ndi phesi, chipsa, aphunzitsi anati tizitalikitsa. Amayi aja anaseka. Pakamwa panga panali patafika kale mawu a a Tcheya aja, onse ndithu osasiyako. Ndinawameza. Ndinaika kapu ya feteleza pansi, n'kubwerera pamzere umene ndinayambira, n'kugwada kuti ndione.

Mwanayo ankanena zoona. Tinakonza mizere itatu, iye patsogolo, ine pambuyo.