Chithunzi cha malemu a Dalitso chawakhumudwitsa amayi

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinakatenga chithunzi cha malemu achimwene a Dalitso ku Boma. Chakale chija madzi osefukira anachifufuta theka la nkhope. Ndiye wojambula anachidula timizere pa kompyuta, n'kutiluka pamodzi ngati mphasa ndi timizere ta chithunzi cha a Yohane, poti iwo ndi a Dalitso anabadwa mapasa.

Chatuluka bwino ndithu. Koma nditawapatsa amayi kuno ku Nkhulambe, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako amvekere, "Maso awa ndi a Yohane. Mwandilukira wamoyo pamodzi ndi wakufa?" Achivundikira pampando, ndipo mpaka pano sanadye. A Yohane angotuluka panja.

Ndimafuna tidzachinyamule Loweruka pokaona chiliza. Tichinyamulebe, kapena ndikangosindikiza chofufutika chomwecho? Ndithandizeni maganizo abale, ine mutu waima.