Womasulira wa Mfunda Wanga

Uthenga unalowa pa foni Lolemba masana, ndikusita malaya m'chipinda changa ku Highfields. Unkati ndikasayine Lachitatu, osati Lachisanu monga mwa nthawi zonse, ndipo nditenge mankhwala anga onse. Aliyense amene anapemphapo malo m'dziko lino amadziwa chimene akutanthauza akatchula mankhwala. Ndinamaliza kusita, ndinapinda malaya awiri, nkuwaika m'jumbo pamodzi ndi mapiritsi ndi Baibulo.

Lachitatu ndinakwera basi kuchoka ku Leicester kupita ku tauni kumene kuli ofesi yosayinira. Ndinali nditasayina kumeneko zaka zitatu osaphonya. Mayi wapawindo anayang'ana kompyuta, kenako anandiuza kuti ndidikire m'chipinda cham'mbali. Chitseko chake chinalibe chogwirira mkati. Munalowa amuna awiri ovala malaya oyera osokedwa mothamanga, mabatani akugwedera. Ine ndine telala, maso anga amayambira pamsoko. Wamkuluyo anawerenga pepala pang'onopang'ono kuti ndimve: pempho langa linakanidwa, apilo inakanidwa, tsopano ndidikire ndege.

"Sitikukumangani, bambo," anatero m'Chingerezi. "Tikungokusungani."

Anandilanda lamba ndi zingwe za nsapato. Anali anthu aulemu ndithu, anapepesa katatu konse.

Chimene chinandifikitsa m'chipinda chimenecho ndi chisankho cha pulezidenti cha zaka zambiri zapitazo. Kwathu ndi kummwera, m'boma lina lolima tiyi. Ndinkasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye, ndipo kutchalitchi ndinali mkulu wa mpingo. Chaka chimenecho mpingo unandituma kukaonerera kuponya mavoti pa sukulu ya pulayimale ya kwathu. Ntchito yanga inali kukhala pa benchi, kuona, kusayina pepala la zotsatira ndi kutenga kope lake. Ndale sindinkazidziwa. Anandisankha chifukwa sindimwa mowa komanso ndinazolowera kukhala pansi tsiku lonse.

Aliyense ankadziwa kuti dera lathu ndi la amene anali pampando. Koma anthu anali atatopa ndi nkhani ya makuponi a feteleza, ndipo titawerenga mavoti, pa sukulu yathu pulezidentiyo anagwa. Tonse tinasayina, pepala nkumatidwa pa chitseko cha kalasi. Kutacha, pa chitsekopo panali pepala lina, manambala atasinthana malo, dzina langa litasayinidwa ndi dzanja losakhala langa. Kope lenileni linali m'thumba mwanga. Lamulungu, pa nthawi ya zolengeza, ndinaimirira nkuliwerenga pamaso pa mpingo, monga ndinkachitira ndi ntchito iliyonse imene andituma. Sindinaganize nkomwe kuti ndikuchita zolimba mtima. Ndinkangopereka lipoti.

Lachiwiri lotsatira pakhonde panaima galimoto yopanda nambala, nkutsika amuna anayi.

"Atelala, tiyeni mukawayeze suti abwana," anatero mmodzi, anzake nkuseka.

Anandisunga masiku khumi ndi limodzi m'nyumba ina yosamalizidwa. Ankafuna kope lija ndi mayina a anthu amene ankati akundituma. Kope ndinawapatsa tsiku loyamba lomwelo, sindine ngwazi. Mayina ndinalibe. Tsiku lachinayi anandivula zovala zonse, nkubweretsa chingwe cha nayiloni ndi njerwa. Amene ankaoneka wamkulu anafunsa kuti ndili ndi ana angati. Ndinati atatu.

"Akwana amenewo," anatero.

Anabwerezanso tsiku lachisanu ndi chimodzi. Pamapeto anandisiya m'mphepete mwa msewu, ndipo anandiuza kuti akudziwa pamene ndimakhala.

Mwini sitolo uja anandibisa kwa abale ake mumzinda kwa nthawi yaitali. Amuna aja anapitabe kunyumba kwanga kawiri. Kenako mng'ono wake, amene ali ndi sitolo ya nsalu ku Belgrave kuno, ananditumizira kalata yondiitana. Ndi momwe ndinafikira ku Leicester, nkupempha malo.

Tsiku la mafunso linafika patatha chaka. Chingerezi changa ndi cha Sitandade 6, chokwana kugulira buledi ndi kupepesa m'basi, choncho anandipezera womasulira. Anali mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, wovala jekete yosokedwa bwino. Tikudikira pakhonde anandipatsa moni atagwira chigongono, mawondo atapinda pang'ono, chinthu chimene ndinali ndisanachione chifikireni. Anafunsa kumudzi, ndinamuuza. Anafunsa mfunda, ndinamuuzanso. Anaseka mokondwa.

"Ndiye ndinu adadi anga enieni inu. Mfunda ndi umodzi. Adadi anga anamwalira ndili ku koleji ku Derby, kumaliro sindinakwanitse nkupita komwe. Musadandaule, chilichonse munganene ndichitransileta bwinobwino."

Mtima wanga unasungunuka. Panali patapita nthawi yaitali munthu asananditchule choncho. Ndinamuyankha kuti mwananga, ndipo ndinkanena zochokera pansi pa mtima.

M'chipindamo munali mnyamata wachizungu ndi kompyuta. Mafunso anayenda bwino mpaka tinafika pa tsiku lachinayi. Mnyamatayo anafunsa, mtsikanayo nkutembenukira kwa ine.

"Akuti anakupangani chiyani kwenikweni, adadi?"

Ndinayang'ana patebulo. Kwathu bambo savula ngakhale malaya pamaso pa mwana wake wamkazi wotha msinkhu. Ziwalo zimenezo munthu wamkulu sazitchula pali mwana, nkulaula. Ndipo sikumva kokha ayi. Liwu lililonse linayenera kudutsa pakamwa pake, iye nkulitchulanso pamaso pa mwamuna wachilendo.

"Anandivutitsa ndithu," ndinatero.

"Akuti anakumenyani?"

"Eya. Makofi ndi mateche."

"Akuti palinso china?"

"Ayi, ndi zomwezo."

Anamasulira mokhulupirika. Ndikufuna zimenezi zimveke: mwanayo sanalakwitse kanthu.

Kenako mnyamatayo anatulutsa pepala limene anasindikiza pa intaneti. Linali la zotsatira za chisankho chija, dziko lonse pa tsamba limodzi, boma lililonse mzere wake. Analoza mzere wa boma lathu, pamene amene anali pampando anapambana mosavuta. Sukulu yathu panalibe. Anafunsa kuti sukulu imodzi ikanasintha chiyani, nanga anthuwo akanavutikiranji ndi telala. Ndinayankha kuti funso limenelo inenso ndinawafunsa. Kalata yokana itabwera, inati makofi ndi mateche ndi zoipa koma sizokwana, ndipo chisankho chimenecho ndi mbiri yakale, zisankho zina zachitikapo kale. Pa apilo anabweranso mtsikana yemweyo, ine nkunenanso zomwezo.

Kumalo osungirako anthu kumene ananditengera Lachitatu lija ndinakhalako masabata asanu ndi limodzi. Kuli kutali, pakati pa minda, mawindo ake satseguka. Ankatiwerenga katatu patsiku. Chakudya chinalipo, bedi linalipo, palibe amene anandimenya. Mlonda wina wonenepa ankakonda kunena kuti, "Ino si ndende. Mukafuna kupita kwanu, chitseko nchotsegula." Ankanena mwachifundo, ndipo ndikuganiza kuti ankakhulupirira. Tsiku lachisanu ndi chinayi anandipatsa pepala la ndege, ndipo anandipempha kuti ndisayine posonyeza kuti ndalandira. Ndinasayina. Kusayina ndiye ntchito imene ndaigwira kwambiri m'moyo wanga, kuposa kusoka.

Chichokereni m'nyumba yosamalizidwa ija, madzi amandivuta potaya. Sabata yachitatu anatsekeratu. Anapita nane kwa dokotala wa pamalopo, bambo wachikulire waimvi, ndipo panalibe womasulira. Anandiyeza. Kenako anafunsa pang'onopang'ono kuti anachita zimenezi ndi ndani. Ndinamuuza ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, pamene mawu anandithera ndinagwiritsa manja. Anajambula thupi la munthu papepala nkuikapo zizindikiro.

"Bwanji simunanene pa mafunso paja?" anafunsa.

Ndinati panali mwana wanga. Anatsegula fayilo, anawerenga, nkundiuza kuti m'dziko lino ndilibe mwana aliyense. Ndinayesa kufotokoza za mfunda, koma ndinaona kuti akuyamba kukayika ngati mutu wanga ukuyenda bwino, choncho ndinasiya.

Lipoti lake linaimitsa ndege kutatsala masiku awiri. Loya wanga, mayi wachizungu wa ku Leicester amene nthawi zonse amaoneka ngati sanadye, anabwera kudzandiona. Sanandinamize. Anati lipoti la dokotala likusonyeza zipsera, koma silingasonyeze amene anazipanga. Anati chinthu chilichonse chonenedwa mochedwa amachitenga ngati chopeka, ndipo kawiri konse ndinanena ndekha kuti palibe china. Njira inali imodzi: ndilembe zonse ndi dzanja langa, m'chinenero changa, osasiya kanthu, kenako ndikazinene pamaso pa woweruza.

Ananditulutsa Lachinayi m'mawa, mvula ikuwaza. Mwini sitolo wa ku Belgrave ndi amene anandiimira, nkupereka adiresi yake. Anabadwira kwathu komweko, Chichewa chake nchapakhonde ngati changa. Anandidikira pageti atanyamula jekete.

"Atelala, mwaonda. Tiyeni kunyumba."

Ndisanatuluke anandimanga kachipangizo kakuda pamwendo, koti adziwe pamene ndili nthawi iliyonse. Ndinalira m'galimoto, ndipo iye anatsegula wailesi kuti ndisachite manyazi.

Ndinalemba sabata yathunthu m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo. Anakwana masamba anayi. Tsamba lachitatu ndi la tsiku lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi dzina lake. Mawu amenewo ndinali ndisanawalembepo chibadwire. Ndinaswa mapepala ambiri ndisanafike kumapeto kwa tsambalo, koma ndinafika, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaganiza kuti mwina ndipulumuka.

Lachiwiri ndinapita nawo kwa loya. Anayenera kufika kukhoti Lachisanu atamasuliridwa. Ndinafunsa kuti awamasulira ndani, popeza ndinali nditapempha mwamuna. Anati anayesetsa. Anapeza bambo wina wa ku Zambia, koma iyeyo anati Chinyanja chake nchamtauni, sangalumbirire Chichewa cholembedwa. Wovomerezeka amene akanatha pofika Lachisanu anali mmodzi yekha, mayi wa ku Derby. Anatchula dzina lake, ndipo anali mtsikana uja.

"Musade nkhawa," anatero loyayo. "Ndi katswiri, amamasulira zoopsa tsiku lililonse. Ndipo ndi yemweyo amene adzakhale nanu kukhoti."

Ndinapempha masamba aja kuti ndikonze pamene ndinalakwitsa. Iye anatuluka kukayankha foni. Ndinachotsa tsamba lachitatu, ndinalipinda kanayi nkuliika m'thumba la mkati. Pa tsamba lomaliza ndinasintha nambala. Atabwera anafunsa ngati ndi atatu okha, ine ndinati eya.

Mwini sitolo nditamuuza anamenya tebulo la nsalu ndi chikhatho.

"Atelala, moyo ndi manyazi, chachikulu nchiti? Mtsikanayo si mwana wanu. Simunamubereke."

Akunena zoona, ndipo yankho lake ndikulidziwa. Ndimadzikwiyira kuposa momwe iye angandikwiyire. Ndine munthu wamkulu, ndaona zinthu, ndikudziwa chimene chikundidikira ndikatsika ndege. Koma ndikaganiza mwanayo atakhala patebulo lake ku Derby, akuwerenga tsamba limenelo mzere ndi mzere, akufunafuna Chingerezi chake, tsambalo ndimalisiya m'thumba momwemo. Amuna aja anandichotsera zambiri m'nyumba ija. Chimene chinatsala ndi chakuti pali munthu mmodzi m'dziko lino amene amandiona ngati bambo wathunthu, ndipo ndalephera kuchipereka.

Kutchalitchi ku Highfields anandiimiritsa kutsogolo nkuthokoza Mulungu kuti ndamasuka. Ndinawomba nawo m'manja. Nzoona, ndimayenda pamsewu, ndimagula buledi, ndimatsegula windo ndikafuna. Tsiku lililonse ndimakhala ola limodzi pafupi ndi soketi, mwendo uli pawaya, kutchaja kachipangizo kaja. Kale ndinkaganiza kuti ufulu ndi kutuluka pageti. Ndatuluka pa mageti awiri tsopano, m'mayiko awiri, ndipo konseko ndinasiya alonda m'mbuyo nkutuluka ndi pakamwa panga pomwepa.

Mlandu ulipo mwezi wamawa. Ndikudziwa chimene woweruza adzafunse, ndipo ndikudziwa amene adzatembenuke kundifunsa m'chinenero changa. Ndayeserera kuyankha ndili ndekha m'chipinda, chitseko chotseka. Ndekha ndimatha. Dzulo ndinaika mpando wopanda munthu pambali panga, ndinauyang'ana ngati wakhalapo iye, nkuyambanso. Ndinafika pa tsiku lachinayi, ndipo ndinadzimva ndikunena kuti anandivutitsa ndithu.