Botolo Lomwe Linapsereza Madimba Awiri

Chaka chomwe kampani ya boma imene amuna anga ankagwirako inagulitsidwa, ndinagaula kapinga yense kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone n'kudzalapo matimati, repu ndi impwa, timabiringanya tating'ono tija. Iwo ankadzuka m'mawa, kumanga tayi ngati kale, n'kupita kutauni kukasaka ntchito. Ine ndinkatsala ndi khasu. Ndiwo zathu zonse zinkachokera m'kadimba kameneko.

Mu Januwale mvula inavumba masiku angapo osakata. Dzuwa litatuluka, ndinapeza masamba a matimati ali ndi madontho akuda, ena atafota kale. Repu naye anali atagwidwa nsabwe zotuwa, zounjikana kunsi kwa tsamba lililonse.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala mayi wamasiye wa ku Luapula, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankalera adzukulu awiri aang'ono. Anasuzumira pampanda wa waya n'kupukusa mutu.

"Ba neba, iyo ni chiwawu. Zulani yodwala mutenthe, isanayambukile inzake."

Ndinakana. Ndizule bwanji mbewu zoti zabereka kale, matimati ake ngati zibakera? M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita kutauni. M'sitolo ya zaulimi munali mabotolo akuluakulu okha, oyenera a mafamu, ndipo ndinatuluka chimanjamanja. Masiku amenewo makhonde onse a m'tauni anali atadzaza ogulitsa. Pakati pawo panali bambo wina atayala mankhwala a makoswe ndi a mphemvu pa katoni. Nditamufotokozera vuto langa, anatulutsa botolo la madzi obiriwira, lopanda pepala lililonse.

"Mami, iyi ni yamphamvu, ichokela ku Joni. Tupuni tubili mu baketi, vonse vizafa, vizasila."

Ndinagula. Tsiku lotsatira ndinasungunula n'kuwaza dimba lonse ndi katsache. Fungo lake linali loipa, koma ndinkati ndiye mphamvu yakeyo. Mayi aja ataona, anati repu wawo nayenso wayamba nsabwe. Ndinawapungulira theka m'kabotolo kakale ka zakumwa za ana, ndili wonyadira kuti lero ndine ndikuphunzitsa mphunzitsi. Nawonso anawaza dimba lawo tsiku lomwelo.

Kutacha ndinatsegula chitseko cha kuseri n'kuima chilili. Dimba lonse linali litagona. Repu anali atayera ngati wathiridwa madzi otentha, impwa zitazolika, matimati atatsala mitengo yokha yolendewera masamba opsa. Ngakhale udzu wa m'mbali mwa mizere unali utauma. Ndinagwira tsamba limodzi, linangofumbutuka m'manja.  Amuna anga anandipeza pomwepo, tayi ili m'manja, ndipo anangoti, "Mayi, mwathira chiyani?"

Ndisanayankhe, ndinamva kukuwa kuseri kwa mpanda. Mayi aja anali ataima pakati pa dimba lawo, manja kumutu. Nalonso linali litapsa, mpaka chinangwa chomwe anabwera nacho kuchokera kwawo kuti azithyolako chigwada.

"Ba neba, mwanipaya! Ni chani ichi mwanipatsa?"

Ndinawafotokozera za bambo amene anandigulitsa botololo. Tinagwirizana zopita limodzi kukamufuna bambo uja. Tinakwera minibasi. Pamalo paja tinapeza mayi wogulitsa maloko, ndipo anati sanamuonepo munthu wotero. Ndiye tinalowa m'sitolo ya zaulimi ija, ine n'kuika botolo langa pakauntala. Wogulitsa, bambo wachikulire wa magalasi, anatsegula, kununkhizira patali, n'kutseka msangamsanga.

"Awa ni mankhwala opaila udzu m'mafamu," anatero. "Mwagwila na manja?"

Ndinavomera. Anandiuza kuti ndikasambe bwinobwino ndi sopo ndiponso kuti pasapezeke wodya kanthu ka m'dimbamo. Kenako anatiyang'ana tonse awiri.

"Yosala muisunga kuti? Munthu akamwako olo pang'ono, ngakhale kuchipatala sibakwanisa."

Ndinaona nkhope ya mayi aja ikusintha. Anagwira kauntala ndi manja onse awiri.

"Kabotolo kaja," ananong'ona. "Nakasiya pa windo mu kicheni. Bana bali beka, kulibe mukulu panyumba."

Sindikumbuka mmene tinafikira pasiteshoni. Minibasi inachedwa kudzaza, ndipo mayi aja anayamba kuchonderera kondakitala akulira, mpaka anthu ena anathandizira kumukalipira dalaivala kuti anyamuke. Njira yonse anandigwira dzanja mwamphamvu moti zikhadabo zawo zinandisiyira zipsera. Ine ndinkangoona kabotolo kaja, ndi chithunzi cha malalanje pamwamba pake, ndi dzanja langa likupungula.

Titatsika tinathamanga, azimayi awiri akuluakulu, nsapato m'manja. Adzukulu aja tinawapeza pakhonde akusewera ndi zitsekerero. Agogo awo anawadutsa n'kulowa m'khitchini. Kabotolo kanali pawindo pomwepo, kotseka, madzi ake ali mmene anawasiyira. Anatuluka nako, n'kukhala pansi pakhonde, n'kuyamba kununkhiza ana aja pakamwa mmodzimmodzi. Wamkuluyo anati anakaona, koma mpando woti akwerepo kuti akafikire unali wolemera kuukoka.

Masana omwewo amuna anga anakumba dzenje lakuya kukona ya mpanda, kutali ndi mpopi, ndipo tinakwirira mabotolo onse awiri. Mayi aja anakhala milungu ingapo akungondiyankha moni basi. Sindinawaimbe mlandu. Chaka chimenecho sindinadzalenso kanthu, ndipo ndiwo tinkagula kumsika.