Ine Sindinkafunika Phulusa

Ndikamva fungo la gazolina wa jenereta pamsika wa ku Fingoe, pomwe okumba golide amaonera mafilimu, ndimakumbuka kamyau, lole yaikulu yomwe inatibweretsera sinema ku Malowera ndili mwana. Anationetsa nkhondo yathu ya ufulu pakhoma la sitolo. Msilikali wa Chipwitikizi akagwa, azimayi ankaluluta, ine ndikuwomba m'manja kuposa onse. Amayi anga okha sankawomba. Ndinkayesa matuza a khasu akuwapweteka.

M'mawa mwake tinasewera nkhondoyo kuseri kwa sukulu. Amene anasankhidwa kukhala Apwitikizi ankadzola phulusa kumaso. Nditatapa langa, mnzanga Zuze anandigwira dzanja.

"Iwe usavutike, ndiwe woyera kale. Kagone apo, ufe."

Ndinanyadira kwabasi. Ndinathamangira kunyumba, thupi lonse lili fumbi. "Amayi, ine ndekha sindifunika phulusa!"

Anandisambitsa, kundikhula mpaka khungu kuwawa. Za msilikali wachizungu amene anandibereka sanandiuzepo mpaka kumwalira.

Dzulo mdzukulu wanga, woyera khungu ngati ine, anabwera kuchokera kosewera, fumbi thupi lonse, akumwetulira. Anthu amati mafilimu a masiku ano amalemekeza khungu lililonse. Koma pabwalo, wogona pansi n'kufa akadali wa m'nyumba mwanga.